Boma lichoke pa mtengo, libwere kunyanja

Chaka chilichonse mvula ikamakata, unduna wa zaulimi umatulutsa mndandanda wa mitengo yoyambira kugulira mbewu. Chimanga, mtedza, nandolo, soya, thonje, chilichonse chimapatsidwa mtengo wake pa kilogalamu, wailesi n'kuchenjeza kuti wogula aliyense wopereka mtengo wotsikirapo athana naye. Mlimi wa ku Katuli kapena ku Lungwena akamva, mtima umakhala pansi. Koma likafika tsiku lonyamula thumba, amene amamupeza pakhonde la golosale ndi venda mmodzi ndi sikelo yake yolendewera, ndipo mtengo umene vendayo amatchula si uja wa pa wailesi. Mlimi akakana, ndiye kuti abwerera nalo thumba kunyumba kumene sopo watha ndipo mwana akudikira fizi. Mapeto ake amagulitsa.

Mtengo umakhala weniweni pokhapokha pali munthu amene waima pamalopo ndi ndalama m'manja, wokonzeka kugula pa mtengowo. ADMARC, bungwe la boma logula mbewu, ikachedwa kutsegula misika, kapena ikatsegula ndalama zogulira n'kutha msanga, chilengezo cha unduna chimatsala mawu okha. Chimanga chimachoka m'midzi motchipa mu Epulo ndi Meyi, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale mlimi yemwe uja amakachigulanso pa mtengo wowawa. Takhala tikuona zimenezi chaka ndi chaka, pansi pa maboma a zipani zosiyanasiyana.

Nkhaniyi ikabuka pa bawo kapena m'minibasi ya ku Liwonde, anthu amagawikana pawiri. Akuluakulu amati zinthu zinaonongeka tsiku limene boma linasiya kugwira msika m'manja mwake, ndipo mankhwala ake ndi kubwezeretsa ADMARC ya nthawi ya Kamuzu. Anyamata ndi amayi a geni amati boma lingochoka panjira, chifukwa paliponse pamene lafika pamabadwa chiphaso, mzere ndi ziphuphu. Ine ndikuona kuti funso lakuti "boma kapena msika" latisocheretsa. Boma lathu lili ndi ndalama zochepa ndi antchito ochepa, ndipo zochepazo likuthera pa zinthu zimene silingathe kuzilamula, monga mtengo wa nandolo ndi mtengo wa dola. Ntchito zimene palibe wina angazigwire koma ilo lokha, monga kulondera nyanja, kuyeza masikelo ndi kumanga msewu, lazigwira ndi dzanja lamanzere. Kuno ku Mangochi, kumene anthu oposa 1.1 miliyoni amene anawerengedwa mu 2018 amadalira munda ndi madzi pamodzi, kusokonekera kumeneku kumaoneka poyera.

Akuluakulu amene amakumbukira ADMARC yakale sakunama. Bungweli litakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, linafikadi kumidzi yakutali. Mlimi ankadziwa kumene akagulitse, ankadziwa mtengo asanakolole, ndipo nthawi ya njala ankadziwa kumene chimanga chikapezeke. Kudziwa kumeneko n'chinthu chachikulu kwa munthu wosauka, ndipo amene amakunyoza sanayambe wagonapo ndi njala.

Koma pali mbali ina imene sitikonda kuikumbukira. ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika n'kukagulitsa kunja pa mtengo wokwera, ndipo phindu lalikulu linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani akuluakulu. Lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale, amene ndiye anali ndi ndalama, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Munthu wa ku Namwera ankatha kukhala tenanti pa esiteti, kulima bale ndi manja ake, koma sankaloledwa kulima yemweyo m'munda wa makolo ake n'kukagulitsa yekha. Msika umene boma limaugwira lokha umapereka bata, inde, koma amene amasankha woti alemere ndi amene ali pampando. Amene akufuna kuti tibwerere kumeneko ayenera kutiuza chimene chidzaletse zomwezo kuchitikanso.

Mu 1987, potsatira mfundo za World Bank ndi IMF, mabungwe a dziko lonse okongoza maiko ndalama, anthu wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo ADMARC inatseka misika yambiri ya kumidzi imene inkaoneka kuti siibweretsa phindu. Chiyembekezo chinali chakuti ogula adzachuluka, adzapikisana, mtengo n'kukwera. Kufupi ndi misewu ya tala zinatheka ndithu. Kutali ndi tala kunafika wogula mmodzi kapena awiri, ndipo pamene wogula ali mmodzi palibe mpikisano, pali kungolandira chimene wapatsidwa. ADMARC yomwe inapitiriza kufooka mpaka mu 2022 pamene boma linaitseka kaye n'kuchotsa antchito ake onse kuti liikonze mwatsopano.

Venda timamutukwana kwambiri, ndipo ena amayeneradi kudzudzulidwa. Koma tifunse chimene chimamupatsa mphamvu. Amene anayendapo msewu wochoka m'tauni ya Mangochi kudutsa ku Malindi ndi Lungwena kukafika kwa Makanjira nthawi ya dzinja akudziwa mmene galimoto imavutikira, ndipo akudziwa kuti msewu umenewu wakhala ukulonjezedwa pa misonkhano ya kampeni kwa zaka zambirimbiri. Wogula amene wakwanitsa kufika kumeneko ndi lole yake amachotsera pa mtengo mafuta, matayala ndi masipuling'i othyoka, ndipo amachotseranso china chifukwa akudziwa kuti palibe mnzake amene akubwera pambuyo. Msewu wabwino umabweretsa ogula asanu pamene panali mmodzi. Ogula asanuwo amakweza mtengo kuposa chilengezo chilichonse, popanda wapolisi kuima pamenepo.

Palinso sikelo. Mlimi amaberedwa kwambiri pa kulemera kwa thumba kuposa pa mtengo umene watchulidwa, chifukwa mtengo amaumva ndi makutu ake pamene sikelo yopotozedwa sangaizindikire. Kuyeza masikelo ndi udindo wa Malawi Bureau of Standards. Lamulo ili ndi lotheka kulikwaniritsa: munthu amabwera ndi miyala yake yoyezera, sikelo yabodza n'kulandidwa pomwepo. Silisokoneza malonda a munthu wachilungamo, limangochotsa wakuba. Ndikanakonda kuona oyeza masikelo m'misika ya kumidzi sabata iliyonse ya nyengo yokolola, osati m'tauni mokha.

Nkhani ya nandolo inatiphunzitsa malire a mphamvu za boma, ngakhale sindikudziwa ngati tinamva. Alimi a chigawo cha kummwera analimbikitsidwa kulima nandolo chifukwa mtengo unali wabwino, ndipo anamveradi. Wogula wamkulu wa nandolo wathu ndi India. Mu Ogasiti 2017 dzikolo, litakolola nandolo wambiri lokha, linaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa kuchokera kunja. Mtengo kuno unagwa kuchoka pa mazana angapo a kwacha mpaka pansi pa K100 pa kilogalamu m'madera ena. Palibe nduna imene ikanaudzutsa ndi pakamwa, chifukwa mtengowo unkapangidwira kutsidya kwa nyanja yamchere. Chimene boma linkatha kuchita, ndipo linadzachichita mu 2021, ndi kukambirana ndi India mpaka kugwirizana kuti Malawi izitumiza matani 50,000 pachaka. Imeneyo ndiyo ntchito ya boma: kutsegula chitseko chimene mlimi payekha kapena venda payekha sangachifikire.

Zoletsa kutumiza chimanga kunja ndimazimvetsa mtima wake, koma zimatipweteka. Boma limaletsa lero, n'kutsegula mawa, n'kuletsanso mkuja, ndipo munthu amene akanalima maekala makumi awiri a chimanga chogulitsa amabwerera m'mbuyo chifukwa sakudziwa ngati adzaloledwa kugulitsa kumene kuli mtengo. Ife a kuno tikudziwa kuti chaka cha njala chimanga chambiri chimene chimatipulumutsa chimalowa kuchokera ku Mozambique, kudzera pa Chiponde ndi m'tinjira ta njinga. Anzathu a ku Mandimba, tsidya la Mozambique, akanati atseke monga timatsekera ife, bwenzi tikulira. Ngati kuletsa kuli kofunika, pakhale lamulo lodziwikiratu lonena kuti chimanga chosungidwa chikatsika kufika pakuti ndiye chipata chitsekedwa, kuti mlimi ndi wamalonda azidziwa asanadzale.

Mtengo wa dola ndi nkhani imene imaoneka ngati ya anthu a m'maofesi a ku Lilongwe, koma imafika pa gombe lililonse. Ukonde, ulusi, injini ya boti, sipeya wake ndi petulo, zonse zimachokera kunja. Boma likagwira mtengo wa kwacha pamalo amodzi pamene madola akusowa, madolawo satchipa ayi. Amangosowa ku banki n'kukapezeka kuseri pa mtengo wokwera, ndipo ochepa amene ali ndi owadziwa ndiwo amawapeza pa mtengo wa boma. Mwini shopu ya maukonde amawerengera katundu wake pa mtengo wa kuseri, choncho msodzi amakhala atalipira kale mtengo weniweni ngakhale nyuzipepala zikunena zina. Ana athu amene ali ku Johannesburg, ndipo ndi ambiri ochokera m'boma lino, amaona kusiyana kwa mitengo iwiriyi n'kusankha kutumiza ndalama kudzera m'manja mwa anthu. Banki imatsala yopanda kanthu, vuto n'kukulirakulira.

Kenako chingwe chimaduka nthawi imodzi. Mu Meyi 2012 kwacha inachoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Nthawi iliyonse amene anapwetekedwa kwambiri ndi wosauka, amene malipiro ake sakwera pamodzi ndi mtengo wa shuga. Sindikunena kuti kugwa kwa kwacha n'kokoma. Ndikunena kuti gwero lake ndi lakuti timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa, ndipo boma limawononga kuposa zimene limatolera n'kumakongola zotsalazo. Kumanga mtengo wa dola ndi lamulo kumangochedwetsa ululu n'kuuunjika kuti udzagwe tsiku limodzi.

Pano wina anganene kuti, nanga chakudya? Kodi tisiye moyo wa anthu m'manja mwa amalonda? Ayi, ndipo pamenepa ndimaima pamodzi ndi akuluakulu aja. Amene anaona njala ya 2002 sangaiwale. IMF inalangiza kuti chimanga chosungidwa m'nkhokwe za dziko chichepetsedwe, koma chinagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo zokolola za 2001 zitavuta dziko linapezeka lili manja lende. Mtengo unakwera mosaneneka, anthu anadya zikhawo ndi mizu ya kutchire, ena anamwalira, ndipo mu Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Wamalonda sasunga chimanga zaka ziwiri kudikira chilala chimene mwina sichibwera, ndipo akasunga amagulitsa kwa amene ali ndi ndalama. Nkhokwe ya dziko, imene National Food Reserve Agency imayang'anira, ndi yofunika ngati chipatala. Chimene ndikupempha n'chakuti igule nthawi yokolola, pamene kugula kwake kungakweze mtengo wa mlimi, ndiponso kuti chiwerengero cha matumba amene ali m'menemo chizilengezedwa poyera mwezi ndi mwezi. Kugula ndi ndalama kumasuntha mtengo. Kulamula ndi pakamwa sikuusuntha.

Za mapulani, sitinasowepo. Tinali ndi ndondomeko ya chitukuko ya zaka khumi kuyambira 1971, Vision 2020 imene inakhazikitsidwa mu 1998, ndipo mu Januwale 2021 inabwera Malawi 2063 yochokera ku National Planning Commission. M'mapulani atsopanowa dera la Mangochi ndi Monkey Bay lili m'gulu la malo asanu ndi atatu amene akuyembekezeka kukula kukhala mizinda. Sinditsutsa kulingalira za mtsogolo, dziko lopanda cholinga limangoyenda ndi mphepo ya zisankho. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kuchuluka kwa zimene boma limafuna kugwira nthawi imodzi: kugula mbewu, kugulitsa feteleza, kuyendetsa minda ikuluikulu, kukongoza ndalama, kuika mitengo ya zinthu. Makolo anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tikayang'ana zimene zinasinthadi malonda kuno, ndi zinthu zogwirika zimene munthu payekha sakanamanga. Mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire, umene unamangidwa ndi thandizo la Japan, unalumikiza bwino tauni ndi tsidya la Namwera ndi Chiponde. Msewu wa Liwonde utakonzedwa, nsomba zinayamba kufika msanga ku Zomba ndi ku Limbe. Pulani yabwino ya Mangochi ikanayamba ndi zoterezi: magetsi odalirika m'madooko akuluakulu kuti pakhale ayisi, malo oumitsira usipa kuti usaolere pa thandala mvula ikagwa masiku atatu, ndiponso kulemberatu magombe amene ndi a asodzi ndi anthu otunga madzi asanathe kutchingidwa ndi mipanda ya malo ogona alendo. Alendo tikuwafuna, amabweretsa ntchito. Koma gombe likagulitsidwa lonse silibwereranso.

Ngakhale ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo, imene inayamba mu 2005 pansi pa Bingu wa Mutharika n'kukulitsidwa mu 2020 pamene thumba linali K4,495, iyenera kuunikidwa ndi diso lomweli. Inathandiza mabanja ambiri kukolola, koma imadya gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi chaka chilichonse, ndipo ikatha nyengo imodzi pamafunika kuyambiranso. Kwacha iliyonse yopita kumeneko ndi kwacha imene sinapite ku mthirira, kwa alangizi kapena kunyanja.

Kunyanja ndiye kumene mtima wanga uli, chifukwa kumeneko msika pawokha sungatipulumutse, ndipo umatithamangitsira kuphompho. M'munda, mtengo wa mtedza ukakwera anthu amalima mtedza wambiri, chaka chamawa mtedza n'kuchuluka. M'madzi zimayenda chobwerera. Chambo chikamasowa mtengo wake umakwera, mtengo ukakwera anthu amagula maukonde ambiri, maukonde akachuluka chambo chimasowa koposa. Msodzi aliyense akudziwa kuti kugwira kasawala, ana a chambo, n'kudya mbewu, koma akudziwanso kuti kasawala amene wamusiya lero kuti akule, mawa amugwira mnzake. Palibe mwini nyanja amene angati apa basi. Munthu wanzeru ndi wachilungamo amakakamizika kuchita chimene akudziwa kuti chikuononga ana ake, chifukwa kuleka yekha sikupulumutsa nsomba, kumangomugoneka ndi njala.

Izi si nkhambakamwa, zinachitika pakhomo pathu penipeni. Nyanja ya Malombe ndi yosaya, madzi ake ndi achonde, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inkatulutsa chambo chokwana matani pafupifupi 8,000 pachaka. Patangotha zaka khumi chinali chitatsika kufika pa matani mazana ochepa chabe. Makoka a maso ang'onoang'ono, pamodzi ndi ukonde wotchedwa nkacha, anakokolola ana a chambo pofuna kambuzi, ndipo pokhwekhwereza pansi anazula zomera za m'madzi n'kufafaniza malo amene chambo chimaswanirana. Chambo si nsomba yoswa mwachisawawa. Chimakonza chisa pa mchenga, chachikazi n'kusunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Ukagwira mayi mmodzi nthawi yoswana wapha banja lonse. Palibe amene anabwera kuchokera kutali kudzaononga Malombe. Aliyense ankangofuna kudyetsa ana ake, ndipo zotsatira zake n'zakuti adzukulu a asodzi a kwa Chimwala ndi kwa Chowe akukula akudziwa kambuzi kuposa chambo.

Ku nyanja yaikulu nako zinthu zasintha. Lero nsomba yoposa theka la zonse zimene zimagwidwa ndi usipa, ndipo chambo chasanduka ndiwo ya alendo ndi anthu a ndalama. Kampani ya Maldeco inayamba kuweta chambo m'zitete za m'madzi, umene ndi umboni wakuti cha m'nyanja sichikukwaniranso. Maneti a udzudzu amene amagawidwa ulere kuti ateteze ana ku malungo amapezeka atasokedwa kumapeto kwa khoka, akusesa chilichonse ngakhale chosaoneka bwino ndi maso.

Malamulo alipo. Kuyambira 1993, Malombe atagwa, kunakhazikitsidwa makomiti a m'madooko amene timawadziwa kuti ma BVC, kuti asodzi eni ake azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi azigwira ntchitoyi limodzi ndi boma. Pali kukula kwa maso a ukonde kovomerezeka, pali chiphaso, pali nyengo yotseka nyanja imene imayamba mu Novembala pamene chambo chikuswana. Kuno komwe kuli sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe ndi malo a kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay, choncho nzeru sizikusowa. Chimene chikusowa ndi mphamvu yoti lamulo ligwire munthu aliyense mofanana. Boti lolondera likakhala pamtunda chifukwa chosowa mafuta, nyengo yotseka imatsatidwa ndi oopa Mulungu okha. Wa komiti ya pa dooko amayembekezeka kulanda ukonde wa mlamu wake kapena wa munthu amene amamukongoza ndalama, popanda malipiro, popanda wapolisi kumbuyo kwake. Ndipo asodzi ang'onoang'ono akhala akudandaula kwa nthawi yaitali kuti maboti akuluakulu a injini okoka makoka pansi pa nyanja amalowa m'madzi osaya kumene saloledwa. Munthu wa bwato la mtengo akaona zimenezo usiku, m'mawa n'kulandidwa kaukonde kake, simungamuuze kuti lamulo ndi la tonse.

Kuti kutseka nyanja kumatheka, umboni uli ku Mbenji, chilumba cha m'boma la Salima. Kumeneko mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, n'kutsegula mu Epulo ndi mwambo wake, ndipo wophwanya lamulo amachotsedwa pa chilumbapo. Asodzi amamvera chifukwa amadziwa amene anaika lamulo, amaona kuti likugwira wamkulu ndi wamng'ono yemwe, ndipo akabwerera amapeza utaka. Ku Mbenji n'kosavuta chifukwa ndi chilumba, wolowa ndi wotuluka amaoneka. Gombe lathu ndi lalitali, kuchokera kwa Makanjira kuzungulira mpaka ku Msaka ndi Chembe, ndipo nsomba sizidziwa malire a mfumu. N'chifukwa chake mafumu ndi ma BVC okha sangathe. Pamafunika dzanja limene lingafike pa madooko onse nthawi imodzi, ndipo dzanja lotero ndi la boma lokha.

Ndalama za ziphaso za maukonde ndi chindapusa cha olakwa, gawo lake lalikulu lizitsala m'boma lino, lolembedwa poyera, kuti ligule mafuta a boti lolondera ndi kupereka kangachepe kwa a komiti. Maboti akuluakulu aikidwe zipangizo zosonyeza kumene ali usana ndi usiku, ndipo wolowa malo oletsedwa alandidwe chiphaso, ngakhale mwini wake akhale munthu wodziwika. Ukonde woletsedwa ugwidwire pa chipata cholowera m'dziko ndi m'shopu, chifukwa n'kosavuta kutseka mashopu ochepa kusiyana ndi kuthamangitsana ndi mabwato masauzande pa madzi.

Pali zinthu ziwiri zowawa zimene andale sakonda kuzitchula. Choyamba n'chakuti nyanja singathe kulandira ukonde wa munthu aliyense amene wapeza mpamba. Kulamula kukula kwa maso a ukonde ndi kutseka miyezi iwiri sikukwanira ngati chiwerengero cha maboti chikukwerabe chaka chilichonse. Tsiku lina dooko lililonse lidzayenera kukhala ndi malire a makoka, ndipo ndi bwino kuti malirewo akambidwe pagulu, mafumu, eni makoka, alovi (anyamata opalasa ndi kukoka makoka) ndi amayi oumitsa nsomba ali pomwepo, kusiyana n'kuti adzagawidwe m'chipinda kwa odziwana ndi akuluakulu.

Chachiwiri ndi mimba ya mlovi. Mwini khoka akhoza kudikira miyezi iwiri, ali ndi china chosunga, mwina golosale kapena njinga zamoto za kabaza. Mnyamata amene amapalasa ndi kukoka amadya za tsiku lomwelo, ndipo nyanja imatsekedwa nthawi imene chimanga chayamba kukwera mtengo. Kumuuza kuti akhale pamtunda osamupatsa chochita ndi kumutuma kuti akabe usiku. Boma lili kale ndi ntchito za mthandizi zimene anthu amalipidwa pokonza misewu ya m'midzi ndi kudzala mitengo. Ntchito zimenezo m'madera a m'mbali mwa nyanja zikonzedwe kuti zizigwa mu Novembala ndi Disembala, mayina a alovi atengedwe kudzera m'makomiti a m'madooko nyanja isanatsekedwe, ndipo malipiro afike sabata imene ntchito yagwiridwa, osati mu Malichi.